Za mwana wopita ku Zomba uja, nazi zomwe tachita

Abale, mwezi watha ndinafunsa za mwana wanga wamkazi amene wasankhidwa ku yunivesite ku Zomba: azikadya bwanji, nanga za foni tipange bwanji? Zikomo nonse amene munandiyankha.

Tagwirizana kuti azikadziphikira, chifukwa zogula nsima tsiku ndi tsiku thumba langa silingakwanitse. Wapeza chipinda ku Chikanda, azikakhala ndi mnzake wa ku Ngabu. Tamukonzera ufa, nyemba, mbaula ndi mapoto. Agogo ake amuwambira milamba ya ku Bangula, ndipo aikulunga bwinobwino m'nyuzipepala kuti isanunkhitse zovala m'basi. Amene munatchula za kuzizira munanena zoona. Mwana wakulira m'kutentha kwa kuno ku Nsanje, chisanu cha mu Juni ku Zomba chikhoza kumudwalitsa, ndiye tamugulira mabulangete ndi juzi pa kaunjika ku Nchalo.

Foni ili ndi masimu awiri, Airtel ndi TNM, onse olembetsa ndi chiphaso chake cha unzika, kuti ndalama ndikatumiza pa Mpamba kapena Airtel Money azikatapa yekha. Bandulo azigula ya mwezi, za tsiku zija zimadya ndalama.

Chatsala ndi ngongole ya boma ya ophunzira. Mafomu anadzaza, tikudikira mayina.