Mlandu wa cheke wa achimwene ku India watha pomvana

Ndinafunsa ngati n'zotheka kumvana ndi wodandaula khoti litagamula kale kuti munthu ndi wolakwa. Nkhani yake ndi ya achimwene anga omwe amachita malonda mu mzinda wa Pune ku India. Cheke chomwe analembera wowapatsa katundu chinabwezedwa chifukwa mu akaunti munalibe ndalama zokwanira, ndipo majisitireti anawapeza olakwa potsatira gawo 138 la Negotiable Instruments Act, lamulo la ku India lokhudza macheke. Chilango cha mlandu wotere chimatha kufika zaka ziwiri kundende, chindapusa chofika kawiri ndalama ya pachekepo, kapena zonse ziwiri.

N'zotheka ndithu. Gawo 147 la lamulo lomweli limalola kuthetsa mlanduwu pomvana ngakhale wafika pa apilo. Loya anapereka apilo ku Sessions Court, khoti lomwe lili pamwamba pa la majisitireti, masiku 30 asanathe, khoti n'kuimitsa kaye chilango, koma linalamula kuti asungitse 20 peresenti ya chipukuta misozi cha wodandaula monga gawo 148 limanenera. Ndalama imeneyi inatitulutsa thukuta.

Chovuta kwambiri chinali mtima wa wodandaulayo, wowapatsa katundu uja. Anali atapsa mtima ndipo ankakana foni ya achimwene, mpaka maloya a mbali zonse ziwiri anakhalirana pansi. Wodandaulayo analandira ndalama yake yonse kudzera ku banki, anasaina chikalata, kenako anaima yekha pamaso pa jaji n'kunena kuti alibenso chifukwa.

Panalinso ndalama yapadera yolipira ku Legal Services Authority, bungwe lopereka thandizo la zamalamulo kwaulere, chifukwa chochedwa kumvana, dongosolo lomwe Supreme Court, khoti lalikulu kwambiri ku India, inakhazikitsa mu 2010 pa mlandu wa Damodar S. Prabhu. Risiti yake itaperekedwa, jaji anafafaniza chigamulo choyamba ndipo achimwene anamasulidwa.