Mafayilo onse m'kompyuta yanga atsekedwa ndipo akufuna madola 490: kodi ndilipire?

Mayi wosindikiza wa ku Kapata:
Moni nonse. Ndili ndi kashopu kotayipa ndi kusindikiza makalata pafupi ndi msika wa Kapata kuno ku Chipata. Lachiwiri m'mawa nditayatsa kompyuta ndinapeza kuti palibe fayilo ngakhale imodzi imene ikutseguka, ndipo dzina la fayilo iliyonse lili ndi zilembo zinayi zachilendo kumapeto. Muli kalata yotchedwa _readme.txt yonena kuti ndilipire madola 980, koma ndikawalembera pasanathe maola 72 ndilipira 490. Dzulo lakelo mphwanga anaika pulogalamu yokonzera zithunzi imene anaitenga mwaulere pa intaneti. Chikundisowetsa tulo ndi mayeso amene aphunzitsi awiri anandisiyira, komanso zithunzi za ukwati za anthu amene analipira kale. Ndilipire, kapena ndifufute zonse n'kuyambiranso?

Wokonza makompyuta wa ku Katete:
Pepani kwambiri Amayi. Malinga ndi dzina la kalatayo ndiponso ndalama zimene akutchula, imeneyi ndi ransomware (kachilombo ka m'kompyuta kotseka mafayilo kuti mulipire dipo) ya mtundu wa STOP/Djvu, imene nthawi zambiri imabwera itabisala m'mapulogalamu obedwa. Choyamba chotsani kompyutayo pa intaneti, ndipo musalowetsemo fulashi ya kasitomala aliyense, chifukwa chilichonse cholumikizidwa chingatsekedwenso. Musafufute kanthu ndipo musasinthe mayina a mafayilo, popeza vuto silili pa dzina koma mkati, momwe zonse zasokonezedwa ndi kiyi imene akubawo asunga.

Tsegulani kalatayo muone nambala yaitali imene ili pansi. Ngati ikuthera ndi t1, kawirikawiri zimatanthauza kuti kachilomboko kanalephera kulankhulana ndi eni ake pamene kamatseka mafayilo, choncho kanagwiritsa ntchito kiyi imene anthu ena ambiri ali nayonso, ndipo chida chaulere cha kampani ya chitetezo ya Emsisoft chikhoza kutsegula ngati kiyi imeneyo inapezeka kale. Ngati sikuthera choncho, ndikuuzeni zoona, mwayi ndi wochepa. Komabe kopelani mafayilo otsekedwawo pa hadi disiki ina n'kusunga, ndipo muzionanso pa No More Ransom, tsamba limene Europol (bungwe la apolisi a ku Ulaya), apolisi a ku Netherlands ndi makampani a chitetezo anakhazikitsa mu 2016 kuti zida zotsegulira zizipezeka mwaulere.

Mlembi wa kopaletivu ku Petauke:
Ine ndikuti musalipire, Amayi. Wakuba alibe pangano, ndipo mukatumiza Bitcoin, ndalama ya pa intaneti imene akubawa amafuna, palibe ofesi imene mungakadandauleko kuti ndalama zibwerere. Mu May 2022 gulu lina la akuba otere lotchedwa Hive linalowa m'makompyuta a Bank of Zambia, bankiyo inakana kulipira, ndipo mu January 2023 a FBI, apolisi ofufuza a ku America, analengeza kuti alanda makina a gululo atapereka kale makiyi kwa anthu ambiri amene anaberedwa. N'chifukwa chake mawu osunga mafayilowo ndikugwirizana nawo. Kanenani ku polisi ndi ku ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti, mutatenga chithunzi cha kalatayo.

Mayi wosindikiza wa ku Kapata:
Zikomo abambo nonse awiri. Nambalayo sikuthera ndi t1, ndipo fulashi imene ndinkasungirako zinthu inali yolumikizidwa usiku wonse, nayonso yatsekedwa.

Wokonza makompyuta wa ku Katete:
Zandimvetsa chisoni, chifukwa fulashi yogona m'kompyuta imapsera limodzi ndi kompyutayo. Komabe musataye mtima msanga: aphunzitsi aja ngati anakutumizirani mayeso pa WhatsApp kapena pa imelo, akadali komweko, ndipo wojambula wa ukwatiwo mwina sanafufute memori khadi ya kamera yake. Aimbireni lero, muwauze zoona zake. Chinanso chofulumira n'chakuti Djvu imakonda kubwera ndi kapulogalamu kena kakuba mapasiwedi osungidwa mu Chrome, choncho sinthani a Gmail, a Facebook ndi a ku banki pogwiritsa ntchito foni, osati kompyuta yodwalayo. Mukatha kukopela mafayilo aja, ndiye mufufute zonse n'kuikanso Windows yatsopano, ndipo pulogalamu imene mphwanu anabweretsa ija isabwererenso m'menemo.