Tebaini ya ku Bembeke ikuzungulira koma mabatire sakudzadza

Phiri: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Mwezi wa Meyi tinaika tebaini, makina opanga magetsi ndi mphepo, ya 3 kW pa famu ina ku Bembeke kuti izipopa madzi othirira kachewere. Mwera ukuwomba ndithu, mapiko akuzungulira, koma mabatire sakudzadza. Mawaya ndayeza, controller, kachipangizo kowongolera magetsi olowa m'mabatire, ilibe vuto. Mwini famu wandiimbira katatu lero, akuti ndinamugulitsa chidole.

Maseko: Achimwene, mlongoti ndi wautali bwanji? Nanga pafupi pali chiyani?

Phiri: Mamita 12. Chakum'mwera kuli mzere wa bulugamu, mwina mamita 40 kuchokera pamlongoti.

Maseko: Basi, mbava yanu ndi imeneyo. Mwera umachokera komweko, ndiye ukamenya mitengoyo umafika pa makina uli wosokonezeka. Mawa mukaime pansi muyang'ane chipsepse, mchira wa tebaini uja woilozetsa kumphepo. Chikamangogwedezeka uku ndi uku, musavutikenso ndi mita yoyezera magetsi. Ife timati mapiko akhale mamita pafupifupi 10 pamwamba pa chilichonse chomwe chili pafupi, ndipo bulugamu sadikira munthu, chaka chamawa adzakhala atatalikanso.

Nangozo: Ndiwonjezere pa mawu a bambo Maseko. 3 kW yolembedwa pabokosi ija amayezera pa mphepo ya mamita 11 kapena 12 pa sekondi. Liwiro likatsika ndi theka, magetsi satsika ndi theka ayi, amatsika kasanu ndi katatu. Pa mamita 6 pa sekondi musayembekezere zoposa 400 W. Chinanso chomwe timaiwala, Dedza ili pamwamba, kupitirira mamita 1,500, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka. Pafupifupi 15 peresenti ya mphamvu yapita kale musanayatse n'komwe. Kasitomala mukanamuuza zimenezi tsiku loyamba.

Jere: N'chifukwa chake a mafamu akuluakulu a matebaini sathamanga. Amayamba aimika mlongoti wa anemometer, chipangizo choyezera liwiro la mphepo, chaka chathunthu. Ku Lake Turkana, ku Kenya, kuli matebaini 365 otulutsa 310 MW, koma malowo anawasankha atayeza kaye. Ife tikaona chipewa chauluka pa Lizulu, mawa lake takumba kale dzenje!

Phiri: Ndangochokako ku famu kuja. Chipsepse chikuvina ngati mchira wa galu waona mbuyake. Ndinamanga kansalu kunsonga ya nsungwi n'kukwera nako pakachitunda kumtunda kwa dimba, kumeneko kanaima chowongoka osapindika. Koma za mitengo madala akanitsitsa, akuti ndi mapolo ogulitsa.

Maseko: Asiyeni ndi mitengo yawo, samutsani makina. Kachitundako n'kutali bwanji ndi mabatire?

Phiri: Mamita 150 kapena kuposerapo pang'ono.

Nangozo: Ndiye waya uja wa 6 mm musamuyerekeze, pa 48 V magetsi athera m'njira. Ngati n'kotheka, kanyumba ka mabatire kapite nawo kuchitundako, pampu muitumizire 230 V kuchokera pa inveta, chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba.

Phiri: Zamveka, mayi. Loweruka tikugwetsa mlongoti. A Jere, winchi yanu yotsitsira mlongoti ija ilipo, kapena idakali ku Tsangano?