Makina a hydraulic olinganiza kalavani: tigule kapena ma ramp ndi okwanira?

Mayi a ku Leeds: Abale, ndithandizeni maganizo. Kalavani yathu (kanyumba kokokedwa ndi galimoto) ndi ya ekiselo imodzi, chassis ya kampani ya AL-KO, ndipo ikadzaza imalemera 1,450 kg. Ogulitsa akuti tiikitse makina a hydraulic a kampani ya E&P, aja oti ukangodina batani kalavani imadzilinganiza yokha. Mtengo wake uli m'mapaundi masauzande, pomwe ma ramp apulasitiki, timasitepe tokwezapo tayala, ndi mapaundi makumi angapo basi. Kodi phindu lake lilipodi, kapena n'zongokometsera?

Mekaniki wa ku Luton: Mayi, musanatulutse ndalama dziwani kaye chimene makinawo amachita. Amaika majeke awiri a oyilo pafupi ndi ekiselo, uku ndi uku, ndipo ndi amenewo amanyamula kalavani. Pa mtundu wathunthu, miyendo inayi ya m'makona imatsikanso yokha. Pa mtundu wotsikirapo mtengo, wotchedwa Compact, muli majeke awiri okhawo, miyendo mumatsitsa nokha. Pampu yake imayendera batire ya 12V ya m'kalavani momwemo, ndipo ntchito yonse imatha m'mphindi ziwiri kapena zitatu. Amagwira bwino, sindikuwanyoza. Koma pa ekiselo imodzi, ntchito yomweyo mumaichita ndi ramp imodzi, levulo ndi kawilo kakutsogolo kaja. Ine ndikuti musagule.

Achimwene a ku Coventry: Bambo mekaniki mwafulumira. Kulinganiza ndi ramp kumafuna anthu awiri, wina pa chiwongolero wina akuyang'ana levulo n'kumakuwa. Mvula ikugwa, kwada, udzu uli chinyezi, ramp ikuterereka kutsogolo kwa tayala. Batani limathetsa zonsezo.

Mekaniki wa ku Luton: Sikufuna kukuwa ayi mukadziwa kuwerengera. Matayala a kalavani amatalikirana pafupifupi mamita awiri. Ndiye kukweza tayala limodzi ndi 3.5 cm kumasintha kupendekeka ndi digiri imodzi. Ikani levulo kapena foni pansi m'kati, chopingasa, pamwamba pa ekiselo. Ikawerenga madigiri awiri, mukudziwiratu kuti mukufuna 7 cm. Ramp ya Milenco Quattro ili ndi masitepe a 4, 8, 12 ndi 16 cm, ndiye mukwera sitepe yachiwiri, mwatha. Palibe zoyesayesa kasanu.

Ndondomeko yake nayi. Yambani ndi mbali ndi mbali kalavani ikadali yolumikizidwa ku galimoto. Bwererani m'mbuyo kupitirira pang'ono pomwe mukufuna kuima, ikani ramp kutsogolo kwa tayala la mbali yotsikayo, kenako kokerani kutsogolo kukwera ramp. Musakwere chobwerera, chifukwa mabuleki a kalavani anawapanga kuti azimasuka pamene galimoto ikukankhira m'mbuyo, ndiponso hitch, cholumikizira kalavani ku galimoto, imakhala yafinyika, moti mukamasula imatha kudumpha n'kumenya bampala. Mukafika pa sitepe yoyenera, kokani handibuleki mpaka iime chilili, ikani chotchingira kumbuyo kwa tayala, ndipo pamenepo m'pamene mumasule galimoto. Kutsogolo ndi kumbuyo mumalinganiza ndi kawilo kakutsogolo. Miyendo ya m'makona imabwera pomaliza penipeni.

Achemwali a ku Cardiff: Pa nkhani ya miyendoyi ndiimepo pang'ono, chifukwa ndi pomwe makalavani ambiri amawonongekera, kaya muli ndi hydraulic kaya mulibe. Miyendo ija si jeke. Ntchito yake n'kuletsa kalavani kugwedera anthu akamayenda m'kati. Imagwirira ku pansi pa kalavani m'makona, kutali ndi ekiselo, ndipo pansi pakepo ndi timatabwa tiwiri topyapyala tomatidwa ndi foam pakati. Mukaipukusa mwamphamvu kuti mukweze mbali yotsika, thupi lonse limapindika. Chizindikiro choyamba ndi chitseko chokana kutsekeka bwino. Zikapitirira, zomata za m'mphepete zimatseguka, madzi amayamba kulowa m'makoma, ndipo pansi pamayamba kufewa mukaponda. Kukonza chinyontho m'kalavani kumadula kuposa ma ramp onse a m'sitolo.

Tsitsani mwendo mpaka ugunde pansi, onjezerani pang'ono kuti ugwire, lekerani pomwepo. Ngati mukugwiritsa ntchito drill ndi soketi ya 19 mm, ikani clutch pa nambala yotsika kuti izidumpha mwendo ukangofika. Impact driver, ija yomanga mogogoda, ayi ndithu, imadya mazinga a nati ya m'kati, tsiku lina mudzapeza mwendo ukungozungulira osatsika.

Mayi a ku Leeds: Zikomo achemwali. Nanga kulinganizako n'kofunika mpaka pati? Ena amati bola munthu usagubuduke pabedi.

Malume a ku Glasgow: Bedi si nkhani, mwana wanga, nkhani ndi filiji. Mafiliji ambiri a m'makalavani, aja oyendera gasi, magetsi a 230V ndi 12V, alibe kompuresa. M'kati mwa mapaipi muli ammonia, madzi ndi hydrogen. Moto umawiritsa, nthunzi imakwera, kenako madziwo amatsika okha m'mapaipi opendekeka pang'ono kwambiri. Kalavani ikaima chopendekeka, madzi amaima malo amodzi osabwerera kowiritsira. Kowiritsirako kumatentha mopyola, ndipo mankhwala oletsa dzimbiri omwe ali m'madzimo, sodium chromate, amauma n'kuyamba kutseka kapaipi. Akauma sasungunukanso. Zimachitika pang'onopang'ono, ulendo uno pang'ono, ulendo winawo pang'ono, mpaka filiji imangosiya kuzizira. Malire omwe amatchulidwa kawirikawiri ndi madigiri atatu, ndiye mwa kuwerengera kwa a mekaniki, tayala limodzi likatsika kupitirira 10 cm mwafika kale pangozi. Poyenda pamsewu palibe vuto chifukwa kugwedezeka kumayendetsa madziwo.

Koma taonani, madigiri atatu ndi malire otakasuka. Ramp imakufikitsani mosavuta pansi pa digiri imodzi. Filiji sidziwa ngati mwalinganiza ndi batani kapena ndi thabwa.

Achimwene a ku Coventry: Chabwino malume, pa filiji mwapambana. Koma palibe amene watchula loko. Makampani ambiri a inshuwalansi kuno amafuna loko ya pa tayala. Loko ya AL-KO Secure imalowa pa mpata wa pa rimu n'kukamanga m'bowo lomwe lili kuseri, ndiye mpata ndi bowo ziyenera kuyang'anizana ndendende. Tayala lili pa sitepe ya ramp, mungalizungulize bwanji kuti zigwirizane? Ndi hydraulic mumakweza tayala m'mwamba, kulizunguliza ndi dzanja, kumanga loko.

Mekaniki wa ku Luton: Apo mwanena zoona, achimwene, ndipo pa kalavani ya ma ekiselo awiri vutoli ndi lalikulu zedi. Maloko amakhala awiri, loyamba mumaligwirizanitsa poyendetsa kalavani, koma lachiwiri simungathe popanda kunyamula tayala. Komanso ramp yaitali silowa pakati pa matayala awiri oyandikana. Pa ma ekiselo awiri ndimavomereza kuti hydraulic ili ndi nzeru. Koma mayiwa awo ndi ekiselo imodzi. Kwa iwo pali njira yapakati: chikwama cha mpweya cha Lock 'n' Level. Mumachiyala pansi chili chophwa, mumakwezapo tayala mpaka mpata wa loko ugwirizane, mumamanga loko, kenako mumapopa ndi kapampu ka 12V mpaka levulo ikhale pakati. Tayala silizungulira pokwera, ndiye loko siisokonekera. Chofunika kusamala ndi miyala yakuthwa pansi pake, ndipo mpweya umasintha pang'ono usiku kukazizira, choncho m'mawa yang'ananinso miyendo.

Achemwali a ku Cardiff: Chinanso chimene ogulitsa satchula msanga ndi kulemera. Onani kachitsulo ka pafupi ndi chitseko, pali MTPLM (kulemera kololedwa kalavani itadzaza) ndi MiRO (kulemera kwake musanaikemo katundu wanu). Kuchotsera ziwirizo ndiye katundu yense amene mukuloledwa kuika, ndipo pa makalavani ambiri a mabanja kuno amakhala pafupifupi 150 kg yokha. Batire imadya 20 kg kapena kuposerapo. Motor mover, makina osuntha kalavani ndi rimoti popanda galimoto, ina 30 kg. Majeke, pampu, mapaipi ndi oyilo zikabwera, zimatenga gawo lawo pa 150 yomweyo. Funsani woikayo akulembereni kulemera komwe kuwonjezereke, muwerengere musanavomere. Nthawi zina wopanga kalavani amalola kukweza MTPLM pa pepala, koma zimadalira malire a ekiselo ndi matayala anu.

Ndipo ngati ndalamazo zilipo koma motor mover mulibe, yambani ndi mover. Imakweza kalavani pa ramp muli chiimire pambali ndi rimoti, munthu mmodzi, sentimita ndi sentimita. Dandaulo la achimwene la anthu awiri lija limathera pomwepo, ndipo imakuthandizaninso kulowetsa kalavani pakhomo.

Bambo a ku Pretoria: Moni nonse kumeneko. Kwa amene akuganiza zodzatumiza kalavani kumudzi kapena kuyenda nayo kuno kummwera, onjezerani funso la zokonzera. Paipi ya oyilo ikaboola pa msewu wa miyala, kapena jeke ikakana kubwerera m'mwamba muli ku Cape Maclear, simuyenda mpaka ibwerere. Musanachoke kwa woikayo, akuonetseni ndi manja mmene mungabwezere majeke magetsi atafa. Majekewo amalendeweranso pansi pa chassis, pomwe pamakhula pa misewu yokumbika. Ndiye pa mchenga wa kunyanja chilichonse chimamira, jeke ya hydraulic, mwendo wa pakona, kawilo kakutsogolo, ngakhale ramp. Chofunika ndi matabwa otambalala. Dulani plywood yokhuthala 18 mm m'zidutswa za 30 cm mbali zonse, zisanu ndi chimodzi: zinayi za miyendo, chimodzi cha kawilo, chimodzi cha jeke. Njerwa ndi mabuloko a simenti musayerekeze, amasweka mwadzidzidzi osachenjeza.

Malume a ku Glasgow: Matabwa amenewo amathandizanso pamalo otsetsereka. Mwendo wa pakona ukatambasuka mpaka kumapeto umakhala wofooka ndipo kalavani imagwederabe. Sanjikizani matabwa awiri kapena atatu pansi pake kuti ugwire usanafike kumapeto. Girizi wambiri pa mazinga aja amakoka mchenga, ndiye tsukani kaye ndi bulashi musanapake watsopano, ndipo pakani wochepa.

Mayi a ku Leeds: Ogulitsa aja ananenanso kuti ndi hydraulic sindifunikanso jeke tayala likaphulika. N'zoona?

Mekaniki wa ku Luton: Amanyamuladi tayala kuchoka pansi, koma werengani buku la makinawo muone chimene opanga akulola, ndipo musalowetse mutu kapena mkono pansi pa kalavani yomwe yangokhala pa oyilo. Paipi ikaphulika imatsika nthawi yomweyo. Lamulo lomweli ndi la jeke ina iliyonse: wolowa pansi aike ma axle stand, zitsulo zochirikiza kuti kalavani isamugwere.

Popanda hydraulic, jeke yoyenera ndiyo chinthu choyamba kugula, chifukwa makalavani ambiri amagulitsidwa opanda jeke, ndipo ya galimoto siikhala bwino pamenepo. Tayala limodzi la kalavani yanu limasenza pafupifupi 700 kg, ndiye jeke ya matani awiri ndi yokwana bwino. Vuto ndi poika. Zitsulo zazitali za chassis ya AL-KO ndi zopyapyala, anazipanga kuti zipepuke, ndipo jeke ikakankha pamalo opanda cholimbitsa zimapindika. Pali mabulaketi ake omwe amamangidwa ndi mabawuti m'mabowo omwe alipo kale kuseri kwa tayala, ndipo jeke imalowa m'menemo. Musaboole mabowo atsopano, musawotcherere kanthu pa chassis imeneyi.

Jeke ya botolo ili ndi msampha wake. Mumaiyesa pakhomo tayala lili ndi mpweya, imalowa bwinobwino. Tayala likaphwa kalavani imatsika masentimita angapo, jeke ija osalowanso. Mukatero kokerani tayala lophwalo pa thabwa kapena pa sitepe yoyamba ya ramp kuti mpata ubwerere. Kalavani ikhale yolumikizidwa ku galimoto nthawi yonseyi, handibuleki yokoka, tayala la mbali inayo lotchingidwa kutsogolo ndi kumbuyo. Masulani mabawuti pang'ono tayala likadali pansi. Pomanga gwiritsani ntchito torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira: kawirikawiri ndi 88 Nm pa marimu achitsulo ndi 130 Nm pa a alloy, koma tsatirani nambala ya m'buku la kalavani yanu. Mukayenda makilomita 30 mpaka 50, imani muyesenso.

Achimwene a ku Coventry: Ine ndikadali kumbali ya batani, koma ndichepetse mawu anga. Munthu wa msana kapena mawondo ovuta, woyenda yekha, wosamuka malo tsiku ndi tsiku, kapena wa ma ekiselo awiri, agule asachite manyazi. Kugwada m'matope kanayi pa malo aliwonse si masewera kwa munthu wamkulu. Koma woika akhale wovomerezeka ndi opanga makinawo, ndipo mufunse kaye ngati warranty ya kalavani ikhalabe. Inshuwalansi nayonso muiuze, poti mtengo wa kalavani wasintha.

Mayi a ku Leeds: Msana uli bwino, ndipo timakhala malo amodzi sabata yathunthu. Mover ilipo kale. Ndiye ndikuona kuti ndigule ramp, zotchingira matayala ziwiri, mabulaketi ndi jeke yake, torque wrench, ndi plywood ija. Funso lotsala: levulo ndiike pati kuti isandinamize? Pa tebulo ndi pansi zikuwerenga zosiyana.

Achemwali a ku Cardiff: Tebulo musalikhulupirire, miyendo yake imasewera. Linganizani kamodzi mosamala pogwiritsa ntchito levulo yaitali pansi, pamwamba pa ekiselo, ndipo mutsimikize ndi shelefu ya m'filiji. Zikagwirizana, matani kalevulo kakang'ono ka mbali ziwiri pa A-frame, zitsulo zakutsogolo zopita ku hitch, pafupi ndi kawilo kakutsogolo, mukuikira tizidutswa pansi pake mpaka kawerenge pakati. Kuyambira pamenepo muziwerenga muli panja. Thiraninso madzi pang'ono m'shawa muone komwe akulowera. Ngati akuima kutali ndi kabowo, pukusani kawilo kakutsogolo kamodzi kapena kawiri kupendeketsa kalavani cha komwe kuli kabowoko, miyendo isanatsike. Theka la digiri filiji silimva, koma madzi a m'shawa amatuluka onse.