Pempho la uphungu: mwana wa autism wasankhidwira ku yunivesite

Makolo anzanga ndi aphunzitsi, ndikupempha nzeru. Mwana wanga wamkazi, yemwe ali ndi autism (vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza mmene munthu amalankhulirana ndi kukhalira ndi ena), anakhoza bwino mayeso a MSCE kuno ku Ntcheu, ndipo dzina lake latuluka pa mndandanda wa NCHE (bungwe loona za maphunziro a ukachenjede) kuti akaphunzire ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba. Za m'kalasi sizikundidetsa nkhawa. Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti iye sapirira phokoso, ndipo ndondomeko ya tsiku ikasintha mwadzidzidzi amasokonezeka kwambiri, pamene ku koleji kulibe belu kapena mphunzitsi womukumbutsa nthawi ngati kusekondale.

Kodi tikaonane ndi ofesi iti sukulu isanatsegulidwe, ndipo kalata ya dokotala ingakwanire kuti apatsidwe chipinda chogona cha anthu ochepa? Inu amene munadutsamo, munawafotokozera bwanji aphunzitsi popanda kumuchititsa manyazi mwanayo?