Gulu la banja: phwando la Tadala ku Houston

Mayi a Tadala: Mwaswera bwanji nonse. Loweruka la sabata yamawa Tadala akukwanitsa zaka 5. Tikufuna kubwereka jumping castle, koma obwereketsa a kwathu kuno ambiri ndi ochokera ku Mexico, pa Facebook amalemba Chisipanishi chokhachokha. Achimwene a ku Madrid, chimenechi amachitcha chiyani?

Achimwene (Madrid): Castillo hinchable. Castillo ndi nyumba yachifumu ija, hinchable ndi chinthu chopopedwa mpweya. H-yo satchula, umati "inchable".

Mayi a Tadala: Ndalemba zimenezo, zikungobwera za ku Spain. Ndani andinyamulire kuchokera kumeneko 😂

Agogo: Kodi mukunena chiyani ana inu?

Azakhali (Lilongwe): Amayi, chibaluni chachikulu chija ana amadumphapo pa maphwando.

Agogo: Oho, chija chimafwa magetsi akathima.

Mayi a Tadala: Ndafunsa mayi woyandikana nane, ndi wa ku Monterrey. Waseka mpaka misozi. Akuti kwawo amati brincolín, kuchokera ku brincar, kudumpha. Zikakhala zambiri, brincolines. Ndalemba "renta de brincolines", zatuluka mbwee!

Achimwene (Madrid): Zaka zitatu kuno, mawu amenewo sindinawamvepo. Mnzanga wa ku Argentina amati castillo inflable, ndinkayesa ndi yekhayo wosiyana.

Mayi a Tadala: Akutinso a ku Puerto Rico amati casa de brincos.

Amalume (Johannesburg): Chilankhulo chimodzi, mayina anayi. Ifenso kuno ndi kumudzi timati jumping castle, a ku London amati bouncy castle. Za mayina zatha, ndalama zingati? Ine ndiikapo ya keke, koma chithunzi cha lisiti ndichione, si ngati chaka chatha.

Achimwene (Madrid): Chemwali, chimodzi chokha. Muwafunse obwereketsawo kuti achikhomere pansi ndi zikhomo mbali zonse. Mu Januwale 2022 ku Mislata, pafupi ndi Valencia, mphepo inanyamula chimodzi ana ali mkati, atsikana awiri anamwalira. Kukachita mphepo, anawo atsike msanga.

Mayi a Tadala: Mayo ine. Kuseri kwathu kuli kapinga, zikhomo zilowa. Ndiwauza.

Azakhali (Lilongwe): Nsapato avule, komanso akuluakulu asakwere limodzi ndi ang'onoang'ono. Bambo a Tadala ndikunena inu.

Bambo a Tadala: Azakhali, ndinangoyesa ngati chapopeka bwino.

Agogo: Mundiimbire vidiyo Tadala akamadumpha pa bulinkolini wakeyo.

Mayi a Tadala: Tidzaimba 12 koloko masana kuno, kwanuko kudzakhala kutada, musagone msanga.