Nthawi ya ngozi tiziipeza kuti?

Clinical officer wa ku boma: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili pa kafukufuku wa ovulala pa ngozi za mumsewu wa M1: amatha maola angati asanatipeze, nanga panjira amathandizidwa chiyani. Koma mafomu ambiri, pamalo polemba nthawi ya ngozi pali mbee. Tsono ndidziwa bwanji oyenera tranexamic acid, mankhwala ochepetsa kutaya magazi? Paja kafukufuku wa CRASH-2 wa 2010, wa odwala oposa 20,000, anaonetsa kuti mankhwalawa amapulumutsa akaperekedwa maola 3 asanakwane. Kupitirira apo akhoza kuwonjezera imfa.

Namwino wa ku casualty: Achimwene, wovulala musamamufunse, mutu wake umakhala uli kwina. Funsani amene wamubweretsa, kaya wa kabaza, kaya kondakitala, akuonetseni foni. Anthu akaona ngozi amayamba n'kuimba. Sabata yatha mayi wina ankangoti "kum'mawa ndithu", koma foni ya mwana wake inaonetsa 06:42, ife tinamulandira 10:15, chitenje chomangira mwendo chitanyowa chonse ndi magazi. Ndikadangokhulupirira mawu aja ndikadalakwitsa.

Dalaivala wa ambulansi: Logbook yathu ilipo, koma musaidalire kwambiri. Timalemba pamene atiitana, osati pamene galimoto yagubuduka. Pena anthu amakhala ayamba kale kukanganirana matola kwa ola lathunthu. Ndipo ovulala ambiri sitiwanyamula ndife, amabwera pa pickup kapena pa galimoto ya apolisi.

Mphunzitsi wa anamwino: Adalaivala anena zoona, ndipo m'pamene pagona kafukufuku wanu. Ku Ghana anaphunzitsa madalaivala a magalimoto a hayala chithandizo choyamba chifukwa ndiwo amayamba kufika pangozi. Ku Kampala anachita chimodzimodzi ndi apolisi ndi a mataxi. Onjezerani funso: ndani anamugwira koyamba, anatani? Anapanikiza bala? Anamugoneka chammbali, kapena anamupinda pampando wakumbuyo? Za foni ndagwirizana nazo, koma mupemphe kaye mwini wake, mulembe nthawi yokha osati nambala. Ndipo mukasintha fomu, adziwitseni a komiti yoona za kafukufuku imene inakuvomerezani, kaya NHSRC kaya COMREC, angadzakukanireni zonse pamapeto.

Clinical officer wa ku boma: Zikomo kwambiri nonse. Ndiika mabokosi awiri, la nthawi ndi la kumene taitenga: foni, logbook, apolisi, kapena kungoganizira. Zongoganizirazo ndidzaziwerengera pazokha. Kalata ya ku komiti ndilemba mawa. Asisita, ikavomerezedwa mungandiyesere fomuyi pa shifiti yanu ya usiku?

Namwino wa ku casualty: Bweretsani, bola ikhale ya tsamba limodzi. Usiku timakhalapo awiri okha.